Ndalipira Ndalama Kuti Andiphunzitse Kugwa

Ife amene tinakulira m'tinyumba ta vidiyo, titapanikizana pa benchi ya matabwa kwinaku mbatata yootcha ili m'thumba, tonse timadziwa nkhonya. Aphunzitsi athu anali Bruce Lee wa mu Enter the Dragon, filimu ya 1973, ndi Jackie Chan ndi Van Damme. Filimu ikatha tinkatuluka tikuponya matheche m'mwamba mpaka kabudula kung'ambika pamsoko. Ndiye mumvetse manyazi anga pamene anyamata awiri anandiimitsa pamlatho usiku wina, wina atagwira chikwanje, ine n'kuwapatsa foni ndi manja awiri. Tchaja sanapemphe, koma ndinawapatsanso.

Mayi a kunyumba atamva, anangoti, "Bola mwabwera amoyo, bambo a ana." Mawu abwino, koma ankanena akubisa kuseka. Mwezi utatha ndinakalembetsa sukulu ya zodziteteza imene imachitikira mu holo ina kwathu kuno, Loweruka lililonse m'mawa.

Ndinkayembekezera chibambo cha minofu, chamabala kumaso. Ndinapeza kamnyamata kochepa thupi, kaulemu, kovala lamba wakuda wotuwa ndi kuchapa. Kanandiyang'ana mimba kanthawi, n'kunena kuti, "Takulandirani madala. Vulani nsapato." Sokosi yanga yakumanzere inali ndi zenera, ndipo ana a lamba wobiriwira analiona onse.

Phunziro loyamba linali kugwa. Inde, kugwa. Aphunzitsi anati amasakaniza njira zingapo, ndipo iyi anaitenga ku judo, masewera amene Jigoro Kano anayambitsa ku Tokyo mu 1882. Akuti kumeneko munthu sakuphunzitsa kugwetsa mnzako usanadziwe kugwa wekha. Chibwano uchigunditse pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi, msana uupinde, ndipo pofika pansi umenye matiresi ndi mkono wonse. Osatsogoza chikhatho, chifukwa ndi mmene anthu amathyokera mkono. Ine ndinakweza dzanja n'kunena kuti kugwa ndinayamba kalekale, pa njinga, m'bafa, ngakhale potsika minibasi isanaime. Aphunzitsi anati, "Chabwino madala, tationetsani." Ndinagwa ngati thumba la chimanga lochoka pa lole, ndipo mlonda wa pageti anabwera kudzafunsa ngati kwagwa khoma.

Sabata zotsatira tinaphunzira kudzimasula munthu akakugwira pamkono. Apa mpamene ndinaona kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Usakoke chammbuyo, uzungulize mkono kulowera kumene kuli chala chake chachikulu, chifukwa chalacho chili chokhachokha pamene zinazo zili zinayi. Zimathekadi. Mnzanga woyeserera naye anali kamtsikana ka sitandade 6, ndipo kanandipulumuka ulendo uliwonse. Itafika nthawi yoti kandigwire ine, ndinazunguliza kolakwika, n'kupezeka ndagwada pamaso pake, nkhope ili pafupi ndi matiresi. Kanati, "Pepani agogo." Ine zaka makumi anayi ndangozidutsa kumene.

Kenaka kunabwera za mumsewu zenizeni. Aphunzitsi anatiuza za Imi Lichtenfeld, katswiri wa nkhonya ndi kulimbana amene m'zaka za m'ma 1930 ankateteza Ayuda anzake kwa magulu achiwembu m'misewu ya ku Bratislava. Iyeyu anaona kuti ndewu ya mumsewu ilibe woimbira, ilibe belu, ndipo zimene anaphunzira kumeneko ndi zimene zinadzakhala Krav Maga ya asilikali a ku Israel. Mulibe zouluka m'mwamba. Umalunjika m'maso, pakhosi, pabondo, ndi kuja kumene kumachokera mtundu. Atatchula komalizaku, amuna tonse m'holomo tinabweza mawondo pamodzi osauzana.

Ndipamene ndinafunsa funso limene ndinabwerera. "Aphunzitsi, nanga atakhala awiri, wina ali ndi chikwanje, akufuna foni?"

"Apatseni foniyo."

"Basi?"

"Basi. Kapena iponyeni uko, inu muthawire kuno, mukukuwa. Foni ili pamsika, mkono palibe pamsika."

Ndinakhala chete kuwerengetsera. Ndiye kuti pamlatho paja, popanda lamba, popanda kulipira kalikonse, ndinachita ndendende zimene lamba wakuda amaphunzitsa. Ndinafunsa ngati kuwonjezera tchaja kungandikwezere giredi. Sanayankhe.

Kukuwa nakonso tinayeserera. Akuti mawu achokere m'mimba, ndipo aka kanali koyamba mimba yangayi kutchulidwa ngati chida. Anzanga ankakuwa mwa Chijapani monga amachitira a karate. Ine pakamwa panatuluka "Mayo ine!" Aphunzitsi anati nazonso zimagwira ntchito, bola anthu atuluke m'nyumba.

Madzulo ake ndinafuna kuonetsa mayi a kunyumba kuti ndalama ya ndiwo ikupita kwabwino. Ndinati andigwire pamkono mwamphamvu. Anandigwira ndi dzanja lija limatembenuza nsima ya anthu asanu ndi awiri. Ndinazunguliza kulowera ku chala chachikulu, osatheka. Ndinazunguliza kwinako, osathekanso. Anandiyang'ana mwachifundo, dzanja lili chigwirire, n'kufunsa kuti ndalama ya magetsi ili kuti. Ndinatsatira malangizo a aphunzitsi, ndinapereka chikwama chonse.

Loweruka likubwerali akuti tiphunzira chigawo chachikulu koposa, kuthawa. Tidzazungulira bwalo la mpira kasanu, kamtsikana kaja kakutithamangitsa. Ndauza kale aphunzitsi kuti pakufunika munthu wamkulu wokhulupirika wotsala m'holo kuyang'anira nsapato.