Kasamalidwe ka Khungu la Mbira Yopanda Ubweya pa Ruarwe

Mbira yomwe mukuidziwa inu, ija imalira kuseri kwa mafuwa ikamva mtolo wa udzu ukulowa, ndi yachikale. Anzathu ku Ulaya ndi ku America akuweta mbira yopanda ubweya, dzina lake Skinny. Inatulukira mwangozi mu 1978 ku Armand Frappier Institute pafupi ndi mzinda wa Montreal ku Canada, pakati pa mbira zoyeserapo mankhwala. Mu 1982 zina anazitumiza ku Charles River Laboratories kuti zikachulukane, poti madokotala a khungu ankafuna poyesera. Kenako anthu wamba anaziona, nazikonda, nayamba kutulutsa ndalama. Ntchito yowawula, yomwe mwana wa pa Ruarwe amaimaliza ndi kamtolo ka udzu wouma, iyi imabadwa itatha kale, kungotsala tiubweya ta pamphuno ndi kumapazi. Koma bwezani mpeni: mbira iyi siidyedwa, imadzozedwa.

Poti galimoto silifika pa Ruarwe, mlendo wanuyu adzabwera pa Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Sitimayo ikaima patali, inu n'kutsikira m'boti, thumba la shuga linyowe, mwana anyowe, koma mbira ikhale m'chitenje chouma.

Mdani wake woyamba ndi dzuwa. Khungu lake limapsa msanga, choncho mu Okutobala isayerekeze kupita kuthandala kukaona usipa ukuuma. Mdani wachiwiri ndi mphepo. Imafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 26, ndiye mwera ukayamba kuwomba mu Juni, bulangete la m'nyumbamo ndi lake. Bambo a nyumba afunde ukonde. Musadabwenso ikamadya kuposa mbira zinzake: kopanda ubweya kathupi kamataya kutentha, ndipo kamabweza ndi pakamwa.

Tsopano nkhani ya mafuta, pomwe mabanja ambiri adzapasukire. Akatswiri amati khungu likauma muipake kadontho ka mafuta a kokonati, osati tsiku lililonse, chifukwa mukachulutsa timabowo ta khungu timatsekeka n'kutuluka tiziphuphu. Mafuta onunkhira a amayi ayi, poti imadzinyambita. Mafuta ophikira ndiye musayese n'komwe: mphaka wa pakhomo angaone ngati mwamuyambira ntchito. Mwina mungafunse kuti nanga zidendene za abambo, zong'ambika ndi mchenga wotentha, ndi zikhato zawo zomwe zingwe za chilimira zinadya kalekale? Zimenezo zidikire. Abambowo sanabadwire ku Montreal.

Kusamba n'kwa apo ndi apo. Madzi ndi sopo zimaumitsa khungu, ndiye kansalu konyowa ndi madzi ofunda n'kokwanira. Ndikudziwa kuti m'mudzi momwe anthu amadumphira m'nyanja m'mawa, masana ndi madzulo, chiweto chosasamba chidzakubweretserani miseche padooko. Pirirani. Sopo wamtanda wochapira asaiyandikire. Pogona pake pakhale pofewa ndi pouma, chifukwa mphasa imakanda ndipo mkodzo umawotcha khungu.

Mukaona tizigamba tozungulira, tokhakhala, mwina ndi chipere, ndipo chimenecho chimalumphira kwa anthu. Ikamadzikanda osapuma, ganizirani tizilombo ta mphere. Apa pafunika dokotala wa ziweto. Dikirani boti, mupite ku boma la Nkhata Bay kapena mukwere phiri la ku Usisya mpaka ku Mzuzu, mukaime pakati pa eni ng'ombe ndi eni mbuzi, mufotokoze mokweza kuti mbira yanu yatuluka nsungu. Musaseke nawo.

Khungu labwino limayambira m'mbale. Mbira, mofanana ndi munthu, siitha kudzipangira vitamini C m'thupi. Ikamusowa imafooka, mabala osapola. Udzu ukhale wambiri, masamba aawisi tsiku ndi tsiku, kachidutswa ka gwafa kapena papaya mwa kanthawi. Kondowole ayi. Usipa ayi. Batala, ngakhale wowotcha bwino, ayinso. Ndi mlendo yekhayo m'mbali mwa nyanja yonseyi amene angakane nsomba osakwiyitsa mwini nyumba.

Chenjerani ndi mtundu wina wotchedwa Baldwin. Umenewo umabadwa ndi ubweya wonse, kenako n'kumathothoka mpaka pa miyezi iwiri uli mbuu. Muwauziretu apongozi, asanapite kukaombeza kuti walodza mbira ndani.

Musagulenso imodzi. Mbira imadwala ndi kusungulumwa, moti ku Switzerland kuyambira 2008 lamulo sililola kuiweta yokhayokha. Gulani ziwiri, koma zonse zikhale zazikazi. Mukasakaniza, bere lake ndi la miyezi iwiri ndi masiku ochepa chabe, ndipo mabulangete a m'nyumba mwanu tawawerenga kale.