Malangizo kwa Ankhondo Omenya ndi Zala

Popeza zamveka kuchokera ku Lizulu mpaka ku Senzani, ndi kuchokera kumapiri a Tsangano mpaka kuchigwa cha Bwanje, kuti adzukulu a Angoni a kwa Maseko, amene makolo awo anayenda pansi kuchokera kummwera, nawoloka Zambezi, nakafika ku Songea asanabwerere kudzakhazikika kuno, ayambanso kupita kunkhondo, ngakhale kuti nkhondo yake ndi ya pa kanema ndipo chida chake ndi chala chamanthu. Popezanso zamveka kuti ankhondo atsopanowa akugonja usiku ndi usiku pamaso pa zilombo zazikulu zimene iwo amazitcha mabosi, ndaona kuti nkosayenera kuti munthu wa imvi akhale chete. Tcherani khutu tsono, ana anga, pakuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo angawa ndawagoneka mokwanira.

Anyamata ambiri amene amasonkhana m'tizipinda ta magemu pa boma amakhutira ndi mpira, ndipo awo sindili nawo mawu. Ndikulankhula ndi kagulu kochepa kaja kamene kanasankha njira yopapatiza ya malupanga, mfiti ndi zinjoka zamapiko. Masewera amtunduwu anayambira pa tebulo ku America mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, yosewera ndi pepala, pensulo ndi madayisi; ndipo a ku Japan atawalowetsa m'makina, kunabadwa Dragon Quest mu 1986 ndi Final Fantasy mu 1987, m'mene ngwazi zinayi zimayenda limodzi kukapulumutsa dziko limene silinazipemphe. M'magemu ena munthu mmodzi amalamulira gulu lonse. M'magemu ena, monga World of Warcraft ya 2004 kapena Baldur's Gate 3 ya 2023, aliyense amagwira ngwazi yake, ndipo apa mpamene pamayambira mavuto, chifukwa makina salakwitsa kawirikawiri monga alakwira anthu. Mumayenda m'nkhalango ndi m'mapanga, kupha tizilombo tating'ono ndi kuonjezera mphamvu, kufikira mutaima pa khomo lalikulu. Mukalitsegula nyimbo imasintha, pansi pamagwedezeka, ndipo pamwamba pa kanema pamatambalala mzere wa moyo wa bosi, kuyambira kumanzere kufikira kumanja, pamene wanu ndi wotalika ngati chikhadabo.

Anzeru a masewerawa amaphunzitsa kuti gulu liyenera kugawana ntchito. Pakhale wachishango, woima patsogolo ndi kutukwana chilombo kuti mkwiyo wake wonse ugwere pa iye. Pakhale wamkondo ndi wamatsenga, olasa chilombocho pamene maso ake ali kwina. Ndipo pakhale sing'anga, woima kumbuyo ndi kubwezera moyo kwa amene akukha magazi. Chiphunzitso chimenechi ndachisinkhasinkha, ndipo ndikukulangizani kuti muchikane. Kodi munamvapo mwana wa munthu akudzitama pa msika wa Kampepuza kuti usiku wathawu iye anamenyedwa bwino kwambiri m'malo mwa anzake? Ulemu uli pa mkondo. Nonse anayi sankhani mkondo, ndipo ngati gemu ikukakamizani kukhala ndi wachishango, msankheni amene wafika mochedwa, pakuti iye alibe mawu pa bwalo. Amene amavina ngoma ku Nkolimbo pa Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani, adzakuuzani kuti Mngoni sasiya chishango chake. Koma iwo amanyamula cha chikopa cha ng'ombe chimene anthu amachiona ndi kuchilulutira, pamene cha mu gemu palibe ntchembere imene idzachiyimbire nthungululu.

Za sing'anga ndichedwapo pang'ono, chifukwa udindo umenewu ndiwo mwala wapangodya wa mtendere wa gulu. Upatseni mng'ono wa mmodzi wa inu, makamaka amene anatumidwa kudzakuitanani ku nsima nakodwa pomwepo. Mpatseni padi ija yomangidwa ndi selotepi, imene kamtengo kake kamakokera kumanzere kokha popanda woikhudza, ndipo musamuuze ntchito ya batani lililonse, kuti aphunzire m'masautso monga anaphunzirira atate ake. Nkhondo ikayamba, balalikanani kumakona anayi a bwalo, wina kuseri kwa chipilala, wina kuseri kwa mchira wa chilombo, kuti mankhwala ake asafikire aliyense. Kenaka fuulani nonse pamodzi kuti akuchiritseni. Dziwaninso chinsinsi ichi, chimene opanga World of Warcraft anachiika mwadala: chilombo chimasunga mangawa, chimawerengera amene wachipweteka koposa, ndipo kuchiritsa nako chimakuwerenga ngati chipongwe, motero wachishango akagona tulo, chimatembenuka mwaulemu, nichidutsa amikondo onse, nichikaponda mwana uja. Iye akagwa, inu nonse mudzatsatira m'kamphindi, koma mudzafa ndi mtima woyera, podziwa kuti wolakwa wapezeka kale. Mukapambana, dzina lake lisatchulidwe. Akadandaula kuti andiitana pakalowa njoka, pakalowa mbewa akumba okha, muyamikireni chifukwa chodziwa miyambi, ndipo mumtume akagule tchipisi.

Pali mwambo wina wachilendo wa kukhala pansi musanalowe, kupangana amene ayambe, amene aime kuti, ndi chochita chilombo chikalusa. Mbiri ya masewerawa ili ndi ngwazi imene inatimasula ku goli limeneli. Mu 2005 kunafalikira kanema wa gulu lina la World of Warcraft litaima pa khomo la phanga lodzaza mazira a zinjoka, likuwerengera mwayi wake mosamala. Ndipo mmodzi wa iwo, Leeroy Jenkins, amene sanamve mapangano chifukwa anali atachokapo, anangobwera, nafuula dzina lake, nathamangira m'kati. Anzake anamtsatira, mazira anaswa, onse anatha psiti. Ndipo pamene anamdzudzula, iye anadzitonthoza ndi nkhuku imene anali kudya. Taonani tsono chilungamo cha dziko: maina a ochenjera aja palibe akuwakumbuka, koma la Leeroy likutchulidwa mpaka lero. Akulu anati khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Sanatiuze ngati alipo anamlira.

Muli m'kati mwa nkhondo mudzaona kuti chilombo chili ndi khalidwe labwino kuposa anthu ambiri, pakuti sichimenya mosachenjeza. Chimayamba chakweza dzanja, kapena kukoka mpweya, ndipo pansi pamaoneka bwalo lofiira losonyeza pamene moto ugwere. Ofooka mtima amachokapo. Inu imani pomwepo, chifukwa mwatsala pang'ono kumaliza kulasa kwanu, ndipo mwamuna sasuntha chifukwa cha utoto. Momwemonso musataye nthawi kufufuza chimene chilombo chimaopa. Nzoona kuti m'magemu ambiri a Final Fantasy chilombo cha moto ukachiponyera moto chimangonenepa, ndipo chofunika ndi madzi oundana; nzoonanso kuti mu Final Fantasy VI ya 1994 muli sitima ya pamtunda ya mizukwa imene imagwa nthawi yomweyo ukaiponyera nthenga ya Phoenix Down, yodzutsira akufa, popeza chopatsa moyo kwa amoyo ndi imfa kwa mzukwa. Koma nzeru zotere zimapezeka pofunsa kapena powerenga mawu amene nkhalamba za mu gemu zimalankhula, ndipo inu mawuwo mumawadumpha ndi batani, monga muchitira ndi athu. Pitirizani. Safunsa anadya phula, inde, koma anagona ndi kanthu m'mimba.

Tsopano ndifike pa chuma. Paulendo wanu mudzatola timabotolo ta mankhwala, ndipo pakati pake padzakhala tochepa tamtengo wapatali, totchedwa Elixir, tobwezera moyo ndi mphamvu zonse nthawi imodzi. Timeneti musamwe. Mutisunge monga amayi anu asungira mbale zadothi zija za maluwa m'kabati ya pabalaza, zodikira mlendo wolemekezeka, zimene abusa anabwera osazidyera, a mfumu anabwera osazidyera, chifukwa mwina mawa kudzabwera woposa iwo. Bosi wa lero ndi woopsa, koma ndani adziwa wa mawa? Mzere wa moyo ukafiira, mnzanu nakuchondererani kuti mutsegule thumba, muuzeni kuti nthawi yake sinakwane. Mukadzafika kwa bosi womaliza penipeni, amene kuseri kwake kulibenso china koma maina a opanga gemu akukwera pa kanema, mudzatisungabe, ndipo mudzatsiriza muli olemera.

Chilombo chikagwada, mzere wake utatha, ikani padi pansi, imirirani pa benchi, gwiranani chanza ndi kuyamba kunyoza a gulu la ku Mphate amene analephera dzulo. Pamenepo nyimbo idzasinthanso, ndipo chidzadzuka ndi mapiko. Amene anasewera Final Fantasy VII ya 1997 akudziwa kuti Sephiroth sagwa kamodzi, ndipo pobwera kachiwiri ali ndi tsenga limene, lisanakugwereni, limayamba laphwanya maiko a kumwamba limodzi ndi limodzi kwa mphindi ngati ziwiri inu mukungoonerera. Nthawi imeneyo si yokonzekera ai. Ndi yodyera tchipisi ta mbatata ya ku Tsangano timene sing'anga wabwera nato, ndi kupukutira mafuta ake pa padi, kuti chala chizitsetsereka pa nthawi yofunika. M'mwezi wa June, mphepo ya m'mapiri a Kirk Range ikamalowera pansi pa chitseko, zala zitauma gwa, mafutawo amathandizanso kufunditsa.

Kumbuyo kwanu kudzakhala khamu la opanda padi, ndipo amenewa ndiwo akatswiri enieni, pakuti sanagonjepo. Amati ankhondo a Shaka, kudziko kumene Angoni anachokera, ankaima monga mutu wa ng'ombe, chifuwa pakati ndi nyanga ziwiri zozinga mdani, ndipo gulu lodikira ankalikhazika pansi litafulatira nkhondo kuti mitima isawatsogole. Nzeru imeneyo inali ya nthawi ya umbuli. Anu alole ayang'ane, aloze kanema ndi zala, wina azikuwa kuti kumanzere, wina kuti kumanja, wina azikukumbutsani kuti msuweni wake wa ku Johannesburg anapha chilombo chomwechi ndi dzanja limodzi. Akachuluka alangizi mpamene kugonja kumapepuka, chifukwa kumagawidwa pa mitu yambiri.

Pa za kupirira sindinena zambiri. Mu Final Fantasy XII ya 2006 muli chinjoka chotchedwa Yiazmat chimene moyo wake umapitirira 50 miliyoni, ndipo mu 2008 gulu lina linalimbana ndi Pandemonium Warden wa mu Final Fantasy XI kwa maola 18, mpaka linaleka ena atayamba kudwala, chilombo chili chilili. Choncho mayi akakuitanani kuti mukathirire kabichi kudimba, auzeni kuti mwatsala pang'ono, ndipo simudzakhala mukunama kuposa anzanu a maiko olemera. Kuseva gemu musanalowe kwa bosi ndi chizindikiro cha kuchepa kwa chikhulupiriro. Magetsi a kwathu kuno amadziwa nthawi yawo. Amadikira kufikira chilombo chitatsala ndi kamoyo kochepa ngati ulusi, wamkondo atakweza dzanja, chipinda chonse chitagwira mpweya, ndipo pamenepo amapita kukapuma.

Mukagonja, monga mudzagonjadi, mlandu uzengedwe mwadongosolo, osati mwachipwirikiti monga achitira anthu osaleredwa. Woyamba kuimbidwa ndi netiweki, ngakhale gemuyo isali ya pa intaneti. Wachiwiri ndi padi, ndipo mwini wake aionetse kwa mboni, akuitembenuza uku ndi uku. Wachitatu ndi opanga gemu, amene mwachionekere sanaganizire anthu a ku Ntcheu. Onsewa akapezeka osalakwa, sing'anga alipo. Koma tsoka lalikulu ndi kupambana, pakuti chilombo chikafa chimasiya lupanga limodzi lokha lonyezimira, ndipo inu mulipo anayi. Ndipo kumbukirani kuti m'masiku oyamba a World of Warcraft ankapita anthu 40 kukagwetsa Ragnaros, nabwerako ndi katundu wokwana anthu owerengeka, ndipo maubwenzi ambiri anathera pa mtembo wa chilombocho. Wamkondo adzati ndiye analasa komaliza. Wamatsenga adzati ngakhale sagwira lupanga, angathe kukaligulitsa. Wachishango adzavula malaya kuonetsa mabala amene alibe. Nkhani yotere musaithamangire. Itengereni kwa a nyakwawa, mutanyamula nkhuku, ndipo muwafotokozere modekha kuti lupangalo kulibe, kuti chilombocho kunalibe, koma kuti mwana wa achimwene awo walitenga mosayenera. Pamene akulu akusinkhasinkha, wina atsalire kukambirana ndi mwini chipinda, amene wakhala akuwerenga maola onsewa m'kope lake, ndipo ndalama za golide za mu gemu salandira.