Ulemu upite kwa "yomaliza2"

Vulani zipewa, abale anga a ku Mangochi Boma mpaka ku Monkey Bay, pakuti ikudutsa mfumu ya mafoda onse a pa laputopu: "yomaliza2".

Kubadwa kwake n'kwaulemu. Git, imene Linus Torvalds anayambitsa mu 2005, ili ndi mwambo wake. Mukalamula git clone, imatenga mawu otsiriza a adiresi ya pa GitHub, n'kudula ".git" kumapeto, zotsalazo n'kukhala dzina la foda. Mukabwereza pamalo omwewo imakana, akuti dzinalo lilipo kale ndipo muli katundu. Anthu amantha apa amangolemba git pull. Koma mnyamata wolimba mtima, amene wasokoneza khodi usiku ndipo sakudziwa pobwerera, amawonjezera dzina latsopano kumapeto kwa lamulo lija. Bandulo ithe, zilibe kanthu. Yabadwa "yomaliza".

Mawa lake kwabadwa "yomaliza2", kenako "yomaliza_yeniyeni", kenako "osagwira_iyi". Zimaswana ngati usipa wa ku Msaka, ndipo palibe nyengo yoletsa kuziwedza.

Taonani ufulu wake! Git imasunga chilichonse mu kafoda kobisika ka .git: anasintha mzere ndani, tsiku liti, ola lanji. Koma dzina la foda yakunja silifika m'kaundula. Tawuni ya Mangochi inanyamula dzina la Harry Johnston zaka zambirimbiri, mpaka boma la dziko lodzilamulira linafufuta Fort Johnston pa mapu. Mfumu yathu imasintha dzina ndi lamulo la zilembo ziwiri, mv, popanda nduna kapena gazeti.

Ndi mphunzitsinso wosanyengerera. Ikani mpata pakati pa mawu, muitche "ntchito ya nsomba", muone teminolo ikufunafuna mafoda atatu osiyana. Lembani "Chambo" pa Windows, mnzanu wa Linux alembe "chambo": kwa inu ndi foda imodzi, kwa iye ndi ziwiri, ndipo mudzakangana mpaka basi ya ku Liwonde inyamuke.

Ena amati foda izisunga dzina limene Git yaipatsa, zilembo zazing'ono, timizere m'malo mwa mipata. Anthu otere ndi ouma mtima. Sadziwa kukoma kwa m'mawa wopereka ntchito kwa bwana, mafoda asanu ndi awiri atandanda pa sikirini, onse akulumbira kuti omaliza ndi iwowo, pamene ntchito yeniyeni ili mu "test".