M'thumbamo muli chiyani?

Fayilo iliyonse imene mumatumiza pa imelo imanyamula kachizindikiro konena mtundu wake. Dongosololi limatchedwa MIME, ndipo analilemba Nathaniel Borenstein ndi Ned Freed mu 1992. Chithunzi chimadzitchula kuti image/jpeg, mawu wamba text/plain. Mpaka apa palibe mlandu. Chisokonezo chimayamba fayilo ikapanikizidwa kuti ichepe.

Ya ZIP dzina lake lovomerezeka ndi application/zip, koma makompyuta ambiri a Windows amakakamira application/x-zip-compressed, kaya dzina lalifupilo linawalakwira chiyani. Ya gzip inayenda zaka zambiri ndi dzina longobwereka, x-gzip, mpaka inalembetsedwa mu 2012. Ndiye palinso mapulogalamu aulesi amene amangolemba application/octet-stream, kutanthauza kuti ndi mabaiti basi, musafunse zambiri. Ali ngati kondakitala wa minibasi amene mwamufunsa kuti m'thumbamo muli chiyani, iye n'kuyankha mosaphethira kuti muli katundu.

N'chifukwa chake mapulogalamu ochenjera sakhulupirira chizindikirocho, amasuzumira okha m'kati. ZIP nthawi zambiri imayamba ndi zilembo PK, za Phil Katz amene anaiyambitsa mu 1989. Ngakhale kalata yanu ya .docx ija ndi ZIP imene yangosintha dzina. Gmail nayo sipusitsidwa: mukabisa fayilo ya .exe mu ZIP, imaikana ndithu.

Choseketsa n'chakuti mukamaliza kupanikiza fayiloyo, imelo imaisandutsa base64 kuti iyende bwino, ndipo imafufumanso ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Bandulo yolipirira kufufumako ndi yanu.