Ulemu kwa Agogo Bwato a ku Maine

Wombani m'manja, anthuni, agogo akutuluka. Sayenda okha ayi. Anyamulidwa ndi amuna awiri kuchokera kuseri kwa shedi kumene akhala chigonere zaka zambirimbiri, penti itasuwa, mbewa zitaberekerana m'mimba mwawo. Wosadziwa angati ndi nkhuni. Pepani agogo, ndi ana.

Mtundu wanu ndi womveka. Maonekedwe munatengera mabwato a makungwa a anthu a mtundu wa Penobscot, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amisiri monga Evan Gerrish wa ku Bangor anakuvekani chinsalu cha kanivasi m'malo mwa khungwa. Ngati munabadwira ku fakitale ya Old Town, nambala yanu inadindidwa pathabwa la kumphuno, ndipo kaundula wake alipo mpaka lero, wonena chaka chimene munapangidwa, penti yanu yoyamba ndi kumene munatumizidwa. Mwini wanu watsopanoyu ngakhale dzina la agogo a agogo ake salidziwa.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, kampani yopanga ndege ya Grumman inabweretsa mabwato a aluminiyamu. Zopanda khalidwe! Uzisiye panja chaka chonse, sizidandaula, siziwola, sizipempha kanthu. Munthu angaphunzire chiyani kwa chinthu chotero?

Inu ndinu mphunzitsi. Wokugulani aliyense amauza mkazi wake mawu amodzimodzi: “Ndi kungosintha chinsalu basi.” Inu phee. Akasenda chinsalucho m'pamene mumaulula za kukhosi. Nsonga zonse ziwiri n'zofumbutuka, chifukwa munagonekedwa chovundikira, mphuno zili m'dothi. Akabaya ndi chala, chala chimalowa. Nthiti zina zathyoka, ndipo penapake mwini wakale anamata fayibagalasi, imene imachoka ndi nyama ya thabwa.

Apa mpamene ukulu wanu umaonekera. Nthiti yatsopano ya mkungudza woyera wa ku Maine simuilandira wamba. Iyambe yaphikidwa m'bokosi la nthunzi, kenako munthu athamange nayo ikuwotcha manja, aipinde isanazizire. Akachedwa pang'ono, thyo! Ayambirenso. Timatabwa tanu timagwidwa ndi timisomali ta mkuwa masauzande, ndipo kalikonse mwa tatsopano kamafuna ulemu wakewake: dzanja lina hamala kunja, lina chitsulo mkati kuti nsonga ipindikire m'thabwa. Munthu amene kuntchito amalamula anzake amagwada pamaso panu mpaka mawondo kuchita dzanzi, nkhope itatsekedwa ngati wakuba popeza zomatira zanu zakale mwina zili ndi mtovu.

Chovala chanu simufuna chomata ndi guluu. Chinsalu amachipinda pakati n'kuchikoka mbali zonse ziwiri, inu n'kukhazikidwa m'kati ngati bwana wa pamachila, kenako n'kuchikhomerera m'milomo mwanu ndi kumphuno kokha. Akatikita ndi manja mankhwala otseka timabowo ta nsaluyo, mumalamula kuti aliyense adikire mwezi wathunthu kapena kuposa kuti muume. Nthawi yonseyi galaja ndi yanu. Galimoto, imene ngongole yake sinathe, ikugona panja pachisanu cha ku Maine. Ndani wina angachite zimenezi pakhomo pa eni, osathamangitsidwa?

Za ndalama tisatchule, ndi mwano. Bwato lapulasitiki likanagulidwa kalekale, chenji n'kutsala.

Tsiku lopita kunyanja likafika simulola kukwezedwa pamchenga monga amachitira mabwato wamba. Mwini wanu alowe m'madzi ozizira mpaka m'mawondo, akugwireni ngati... ayi, palibe chokufanizirani. Mukasambira tsiku lonse mumamwako madzi pang'ono, choncho pobwerera mumalemera paphewa kuposa m'mawa. Ndipo mbiri ikangomveka kuti uje amadziwa kukonza, Loweruka lotsatira mnansi amaima pageti, mng'ono wanu atamangidwa padenga la galimoto, mphuno ikulendewera.

“Ndi kungosintha chinsalu basi, achimwene.”