Foni Yodziwa Zam'nyumba

Kuyambira mu Disembala 2009, Google inasiya kuyankha anthu onse mofanana. Aliyense amapatsidwa zake, malinga ndi zomwe wakhala akufufuza m'mbuyomo. Eli Pariser wa ku America anafotokoza mu 2011 za anzake awiri omwe anafufuza dzina loti Egypt pa nthawi ya zipolowe za kumeneko. Wina analandira nkhani za zionetsero. Mnzake analandira malo okongola okachezako patchuthi. Dziko likuyaka moto, munthu akusankha hotela.

Makinawa amaganiza kuti foni iliyonse ili ndi mwini mmodzi. Sanafike kwathu kuno. Pa banja lina foni ndi imodzi: m'mawa ili ndi bambo, masana ndi mayi, madzulo ana akulimbirana. Google inasonkhanitsa zonsezo n'kupanga munthu mmodzi wodabwitsa, wokonda Bullets, woluka tsitsi, yemwenso akukonzekera mayeso a Sitandade 8. Tsiku lina bambo anangolemba kuti "mtengo wa", akufuna feteleza. Foni inawamalizira yokha: "mtengo wa wigi".

Mayi anasuzumira n'kuseka. "Mwaonatu abambo? Ine ndanena ndatopa. Pano yayamba kukuuzani ndi foni."

Bambowo akuti anaizimitsa foniyo n'kukafunsa mtengo kumsika.

Facebook nayo inayesa zake. Mu Januwale 2013 inatulutsa Graph Search, yofufuza anthu potengera zomwe iwo eni anadina kuti amakonda. Posakhalitsa Tom Scott wa ku Britain anaiyesa: anafunsa za anthu a pabanja omwe anadina kuti amakonda mahule. Mayina anabwera, zithunzi zomwe. Ndipo makinawo, mwaulemu wake wonse, anali okonzeka kuonetsanso akazi ndi amuna a anthuwo. Ankhoswe akanaidziwa, bwenzi milandu ikutha dzuwa lisanatenthe.

Google inali itayesa kale zotere mu 2012, kusakaniza mayankho ndi zolemba za anzako a pa tsamba lake lochezerapo la Google+. Maganizo ake anali oti mnzako ndi wodalirika kuposa mlendo. Amene anaganiza zimenezi ndikukhulupirira alibe mlamu. Ukufufuza mankhwala a dzino, pamwamba penipeni pakubwera malangizo a alamu ako, omwe aja amati matenda alionse amatha ndi adyo. Google+ inatsekedwa mu Epulo 2019, ndipo pamaliro pake anthu anali ochepa.

Nanga kutsogoloku? Okonza zinthuzi amalakalaka makina odziwa komwe uli, omwe uli nawo ndi zomwe zikuchitika mphindi yomweyo. Anyamata awiri ankakambirana zimenezi mu minibasi ya ku Ndirande.

"Ase, ine zoti foni izidziwa mayendedwe anga ayi."

"Taganiza kaye, aise. Ukufufuza pogula chipisi, foni n'kukuuza kuti: pafupi pali malo abwino, koma amene unamukongola ndalama uja wangoika chithunzi ali pomwepo. Khotera kumanzere."

Woyamba uja anakhala chete kanthawi. "Imeneyo ndiye ndingaigule."

"Ndi ndalama ziti?"

"Undibwereke iweyo."

Kondakitala, yemwe ankamvetsera zonsezi, anatambasula dzanja. "Mabwana, yakutsogoloyo muigula. Yanga ya lero ndiye mulipiriretu."