Ndinawononga magazini a eni ake

Magaziniwo sanali anga. Anali a bambo wina wachikulire amene ndinkagwira nawo ntchito ku Leicester. Ataona kuti ndimakonda masewera a pakompyuta, anandibwereka katoni yodzaza ndi Crash ndi Zzap!64, magazini a m'ma 1980 amene ankakonzedwa ku Ludlow. Anali atawasunga kuyambira ali mnyamata.

Ndinkawawerenga usiku ndikaweruka, ndipo chimene chinandigwira mtima ndi mawu a anthu amene ankapanga masewerawo. Ambiri anali anyamata chabe. Matthew Smith anatulutsa Manic Miner mu 1983 ali ndi zaka 17, pa ZX Spectrum, kakompyuta ka 48K basi. Mu Zzap!64 ya 1985, Andrew Braybrook ankalemba mwezi ndi mwezi mmene ankapangira Paradroid: zamukanika lero, wafufuta, wayambiranso mawa. Munthu wosabisa thukuta lake chonchi ndimamulemekeza. Ndiye panali Tim ndi Chris Stamper, pachibale pawo, eni kampani ya Ultimate Play the Game, amene ankazemba atolankhani. Atalankhula mu 1988, anati Knight Lore anaimaliza Sabre Wulf isanatuluke, koma anaisunga dala kuopa kupha msika wa inzakeyo.

Alamu anga atabwera kudzacheza, malo m'nyumba anachepa. Ndinanyamula katoni ija n'kukaiika m'shedi kuseri. Ndinkadziwa kuti denga limadontha pakona, koma ndinati pepala la pulasitiki likwana. Alendo anapita, ine n'kuiwala, nyengo yozizira yonse n'kudutsa.

Nditatsegula, ndinapeza masamba atamatana ngati nsima yogona, chuku chili bii. Ndinathamangira kuwayanika pa hita, kumene kunali kuwonjezera bala. Anauma n'kupindika, ndipo pofuna kuwalekanitsa ankangong'ambika m'manja.

Kuntchito ndinayamba kuwazemba bambo aja, mpaka manyazi anandikulira n'kuwauza zonse. Sanakalipe. Anati nkhani za m'magaziniwo anthu anazijambula kale ndipo zili pa intaneti. Kenako anandiuza zimene sindinkadziwa: timawu ta pensulo tija ndinkaona m'mphepete mwa masamba, mapointi ndi njira zodutsira malo ovuta, anatilemba ndi mng'ono wawo amene anamwalira kalekale.

Zimenezo sindingabweze, ngakhale nditalipira zingati. Koma mapepalawo ndikufuna ndiwabwezere m'manja mwawo. Abale anga amene muli ku Britain, mukapeza Crash kapena Zzap!64 ya 1985 pamsika wa zinthu zakale, chonde musaisiye. Ndalama yake ndidzakubwezerani.